Khumi ndi Awiri

Januwale wafika ndi mvula ya Mzuzu,
ija yosaodira, yosatsanzika.
Ndalumbira pamaso pa Vitumbiko:
chaka chino mabuku akale khumi ndi awiri,
mwezi uliwonse ndi lake.
Waseka. Chaka chatha ndinagwera pa lachitatu.

Ku Taifa, pansi pa pulasitiki wodontha,
a Chavula ayala nkhalamba zawo pa thumba la feteleza.
Zina njenjete zinayamba kale kuwerenga.

Lonenepa ngati njerwali ndi la Juni,
chisanu chikadzanditsekera m'bulangete ku Chibavi.
Lopyapyalali, la Malichi,
ngongole zikamadya tulo.

Lina ndatengera dzina lokha,
inki yofwifwa mkati mwa chikuto:
Tafwachi Nyirongo, Fomu 3, 1979.
Pa tsamba 40 analemba kuti, "Bodza ili!"
Ndikufuna ndikakangane naye.

Lomaliza lilibe mathero,
masamba ake anakulungira zitumbuwa.
"Tsitsaniko mtengo," ndatero.
A Chavula apukusa mutu:
"Kotsalako mukapeke nokha."

Ndalipira.
Ndalibisa m'jekete, mvula ingalinyowetse.
Limenelo ndi la Disembala.