Waya wa Buleki

Zaka khumi ndi zinayi
gitala ili pamwamba pa kabati.
Mavu anamangamo, anaswa, anasamuka.

Lero ndafunditsa makina osokera dzuwa likadalipo.
Nsambo yachitatu inaduka kalekale;
Ajibu wa kabaza wandigawira waya wa buleki.

Nyimbo ndinaiwala zonse.
Zala zimangodziwa sizasi ndi singano.
Ndiye ndakhudza nsambo imodzi,
ndadikira mawu ake azilale,
ndayankha chigayo cha kwa Mpondasi
chong'ung'udza kuseri kwa mzikiti.
Lalira belu la njinga, ndalitola.
Ndaphonya. Ndabwereza kuphonyako katatu
mpaka kwamveka ngati dala.

Abiti Mdala asuzumira, mpunga uli m'lichero:
"Nyimbo yanji imeneyo?"
Kaya.

Magetsi athima, chigayo chatsamwa.
Watsala waya wa buleki,
ukunjenjemerabe pachala panga.