Pakati pa Sitima Ziwiri

Sitima ya m'mawa yadutsa. Sinaime.
Ndaikwezera mbendera, yandibwezera fumbi,
ndipo chigwa cha Kazakhstan chatsekanso pakamwa.
Inayo ifika dzuwa litapendeka.
Pakati pa ziwirizi pali ine, Serikbai,
tebulo, ketulo, ndi wotchi ya pakhoma
imene anaikhoma ndisanabadwe.

Teni koloko yapitirira ndi mphindi zinayi.
Ndasesa khonde losesa kale.
Ndawerenga mapolo a magetsi mpaka polekezera maso,
makumi atatu ndi asanu ndi awiri, monga dzulo.
Ndawenga zikhadabo.
Ndaperekeza ntchentche kuchoka pazenera
kukafika pa mbale ya shuga,
yadya, yasamba m'manja, ine ndili yuu.
Ndikweza maso:
mphindi zisanu zokha ndizo zapita.

Wotchiyi ili ngati mwana wamanyazi:
ukaiyang'anitsitsa, imaleka kuvina.

Mkazi wanga Gulsara amandiseka.
Amati, "Tsiku silitalika, bambo,
ndinu mulibe choikamo."
Iye ali ndi nkhosa, ana anayi, mtanda wa buledi;
dzuwa limamuthawa manja ali mu ufa.
Ine limandikhalira pamsana
ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Koma chondizunguza mutu ndi ichi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pano,
masana alionse otalika ngati njanji,
ola lililonse ndinalisenza, ndinalimva kulemera;
koma ndikati ndizikumbukire,
zonsezo zimakwana m'bokosi la machesi,
malo n'kutsalanso.
Zinathera kuti?

Pali tsiku limodzi lokha.
Ngamila ya Nurlybek inagona panjanji,
sitima ya malasha ikubwera.
Ndinathamanga ndi nyali yofiira,
chipale chofika m'mawondo,
ndikukuwa mawu osadziwika ndi ine yemwe.
Zitsulo zinalira kwiii,
injini n'kuima mapazi khumi kuchokera pa linunda.
Ngamila inapitiriza kubzikula.
Tsiku limenelo linatha ngati kuphethira,
sindinaone wotchi mpaka usiku.
Koma lero ladzaza mutu wanga wonse:
fungo la mabuleki opsa,
batani la jekete limene linathothoka,
dzino lagolide la woyendetsa sitima akunditukwana
kenaka n'kundikumbatira,
tiyi amene tinamwa atatu titaimirira,
wopanda shuga, wokoma kuposa onse.

Ndimalitsegula tsikulo mwakamodzikamodzi,
kuopa kuti lingasuluke.

Teni koloko yapitirira ndi mphindi khumi ndi imodzi.
Ketulo yazizira. Ndiitenthetsanso.
Ntchentche yabwerera pazenera,
ikugogoda galasi ndi mutu,
nayonso yanyong'onyeka.

Kutali uko, cha pa polo la makumi awiri,
kanthu kakuda kakuyandikira njanji.
Ndikudziwa, ndi chitsamba chouma,
mphepo ikuchigubuduza.
Ndikudziwa ndithu.
Komabe ndavala chipewa,
ndipo dzanja lili kale pa nyali.