Wogulitsa mchere pa M'baluku

Nyanja imeneyo sindinaionepo.
Ndimangoidziwira ku matumba
akatsika ku Chiponde pa lole ya Che Sumani,
atanyowa m'makona ngati achita thukuta
potsetsereka zitunda za Namwera.

Yathu ino mumatunga ndi manja n'kumwa.
Ya uko, akuti ukamwa, ludzu limabereka linzake.
Che Sumani anafikako chaka china.
Akuti amatsekera madzi m'timinda tosalala ngati bwalo
n'kuwasiyira dzuwa.
Dzuwa limamwa gawo lake, n'kulavula chimene silingameze,
ndipo amayi a zidendene zong'aluka
amakokola zoyerazo ndi thabwa.
Ulimi wanji wopanda mbewu,
wolira mvula ikabwera?

Ine ndimayeza ndi kachitini kophwanyika mlomo,
zaka khumi ndi zinayi tsopano,
mibulu ikulikita ming'alu ya zala zanga.

Mayi anga, Abiti Jafali,
anakalamba ndi chotupa pakhosi, chachikulu ngati dambe.
Ankachibisa ndi mpango ngakhale mu Okutobala.
Tonse tinkaloza chala mkazi mnzawo wa pamitala,
ndipo anamwalira osalonjerana.
Kenaka tsiku lina la msika
kunabwera mnyamata wa zaumoyo pa njinga,
kabotolo m'thumba la malaya.
Anadonthezera pa mulu woyamba,
mibulu inasanduka jambula wakupsa.
Pa mulu wachiwiri, zii, kuyera komweko.
Uwu mulibe ayodini, bambo.
Nyanja payokha siikwanitsa, amachita kuthiramo.
Khosi likausowa limatupa, mwana amakula mutu uli m'tulo.
Thumba lonse ndinabweza, ndalama zinapita,
koma chimene chinandilanda tulo
ndi mayi uja tinamunamizira.

Lero ndimavundikira ndi chiguduli,
dzuwa lingabe zimene sindiziona.

Usiku wina wa Januwale, msewu utasanduka mtsinje,
Lukia wanga anatsegula m'mimba
mpaka maso analowa m'kati, khungu osabwerera ukatsina.
Dunia anawiritsa madzi, lita imodzi,
shuga timasupuni tisanu ndi kamodzi,
mchere theka la kasupuni, osapitirira,
analawa kaye: usapose misozi.
Tinamumwetsa pang'onopang'ono ngati mwanapiye,
kufikira muwazini ataitana
ndi wakabaza atavomera kutiolotsa mlatho.
Kuchipatala anati mwamugulira usiku umodzi,
ndipo usiku umenewo ndiwo unali wofunika.

Pakhosi pakakanda, ndimauza ogula
madzi ofunda, kambulu kamodzi, mugogomole, mulavule.
Sindiwauza kuti ndi mankhwala a zonse.
Alipo amene amatero pa depoti,
mchere womwewu m'tibotolo ta zilembo zagolide.
Ine ndimaudziwa, ndagona nawo nyumba imodzi.

Ndiye mwezi wathawu, mutu ukulira ngati chigayo,
namwino anandimanga kansalu pamkono,
kanafufuma, kanaphwa, iye anayang'ana kawiri.
Magazi anu akuthamanga, achimwene. Mumagwira ntchito yanji?
Nditamuuza anaseka mpaka cholembera chinagwa.
Muzigulitsa, musamadye katundu.

Tsopano Dunia amatsina ndi zala ziwiri
pamene kale ankatapa ndi zitatu.
Therere limamveka ngati nkhani yopanda mwini.
Kambale ka mchere anakachotsa pamphasa,
makiyi a nyumba ndi anga, koma kambaleko ayi.
Lukia, yemwe uja, ali sitandade sikisi,
ndiye mlonda, amandinunkhiza zala.

Komabe masana, ogula akachepa,
fumbi la mathiraki likakhazikika pa ambulera,
ndimatola kambulu kamodzi, kakang'ono kuposa mpunga,
n'kukaika pansi pa lilime.
Ndimatseka maso.
Kamasungunuka mosafulumira,
madzi aja amene dzuwa linawathawitsa
akubwerera m'kamwa mwa munthu wa ku Mangochi.

Mayi wina wafika, mwana kumsana.
Wa handiredi, achimwene, muonjezereko.
Ndikuonjezera, ndikumuyang'ana pakhosi.