Chidindo Chachitatu

Ku Gangneung, usiku wa Lachinayi,
magetsi onse mu ofesi azimitsidwa kupatula anga.
Patebulo pali mapulani a denga la holo ya sukulu
ndi zidindo ziwiri zofiira, zouma kale:
cha a Yeom, cha a Bang.
Kabokosi kachitatu kakudikira ine.

Tsamba 41.
Mtanda wachitsulo uwu anauwerengera mphepo,
anauwerengera malata, ngakhale nyali zolendewera,
koma chipale chofewa chija,
chimene chaka chatha chinakwirira basi mpaka m'mawindo,
anachipatsa theka la kulemera kwake.

Ndawonkhetsa kanayi.
Kanayi konse nambala yangonditong'olera maso.

A Yeom ndiwo anandiphunzitsa kugwira pensulo yofiira.
Tsiku limene ndinalembedwa ntchito
ndinawathirira chakumwa ndi manja awiri,
n'kutembenuza nkhope pomwa changa.
Pamaliro a mayi anga anagwada kawiri, mphumi pansi.
Ndiye mawa ndikayambire pati?

A Bang anadinda poti a Yeom salakwa.
A Yeom anadinda poti alipo ena adzaonanso.
Ine ndikadinda poti ndine mwana,
denga lidzakhala pa mizati itatu ya ulemu,
ndipo ulemu susenza matani.
Bawuti safunsa chaka chimene unabadwa.

Mwini ntchito akufuna mapepala pofika masana.
Zitsulo anaitanitsa kale.
Ndikatsinzina ndikuona masokosi oyera
akuthamangitsa mpira pansi pa mtanda umenewu,
m'mawa wina wa Febuluwale.

Kwacha. Ndagogoda.
Mawu akuti mwalakwitsa akanirira pakhosi
ngati munga wa nsomba.
Ndawerama, ndapereka tsamba ndi manja awiri:
Aphunzitsi, apa sindikumvetsa, ndithandizeni.

Ayang'ana nthawi yaitali.
Makutu afiira. Avula magalasi, awapukuta ndi tayi,
ngakhale analibe fumbi.
Atenga pensulo m'manja mwanga,
adula nambala yawo ndi mzere umodzi.

Sanathokoze. Sanakalipe.
Angofunsa, maso ali pawindo: Wadya?

Ndatuluka mawondo akugundana,
chidindo changa chili m'thumba, chouma.
Ndikudziwa kuti kuli maofesi ena mumsewu uno
kumene wina anagogoda, n'kubwerera pakhomo.

Kunja chayamba kugwa,
chopepuka ngati ufa,
kambewu kamodzikamodzi, osamveka n'komwe,
kufunafuna denga loti chikhalepo.