Chala cha a Twaibu

Makina anabwera pa lole ya boma,
m'bokosi lakuda la maloko awiri,
wapolisi atalikhalira ngati nkhuku yofungatira.
Anatiphunzitsa masiku atatu pa boma pa Nkhotakota:
dina apa, dikira kanyali kobiriwira,
kakafiira pukuta galasi, uyesenso.

Tsiku lovota, m'kalasi langa la sitandade faifi ku Dwangwa,
madesiki titawaunjika kukhoma,
mzere unakafika pa mjigo.
Cha m'ma teni analowa a Twaibu Nkhono,
zaka makumi awiri akudula nzimbe za kampani.
Anaika chala chachikulu pagalasi. Kufiira.
Chamkombaphala. Kufiira.
Ananyambita, anapukutira pathalauza,
ndinawapatsa mafuta odzola a m'chikwama changa.
Makina anati munthuyu kulibe.

"Aphunzitsi," anatero, "mizere ya zala zanga
idatha ndi mpini wa chikwanje.
Ili mu shuga mwamwera tiyi m'mawayu."

Tinawapeza m'kaundula wa mapepala, tsamba 41,
chithunzi chili bii ngati munda wootcha.
Anavota.
Ndinaviika chala chosalalacho mu inki.

Usiku jenereta inatha mafuta tili pa bokosi lachitatu.
Tinawerenga ndi matochi a m'mafoni,
mamonita a zipani akundipumira m'khosi.
Onse anasaina, ena akuyasamula.
Kenako ndinakwera pachulu kuseri kwa chimbudzi cha anyamata,
makina m'mwamba, kupempha netiweki
ngati munthu wopempha mvula.
Anayankha: zatumizidwa.

Patatha sabata, pa wailesi,
nambala ya pasukulu pathu inatuluka itanenepa.
Ine ndinatumiza 312.
Iwo anawerenga 812.
Ndani adatseka kukamwa kwa 3 uja
ali panjira, pakati pa chulu ndi likulu?

Mlandu uli kukhoti, uno mwezi wachinayi.
Maloya akukangana za maseva ndi mapasiwedi
m'Chingerezi chotsamwitsa womasulira.
Ena akuti makina sanama,
ena akuti makina alibe pakamwa, pakamwa ndi pa mwini wake.
Pepala langa la kaboni lili pansi pa matiresi
ndipo likufwifwa.
Palibe wabwera kudzalifunsa.

Dzulo ndinakumana ndi a Twaibu pa siteji ya minibasi,
mwaye wa nzimbe uli m'zikope.
Anandionetsa chikhadabo chija:
inki yakwera nacho, yatsala kamzere kunsonga.
"Loweruka ndiwenga," anatero.
"Kaya oweruzawo adzakhala atatha."