Apozi Ndi Wobiriwira

Kuno ku Ajigasawa chipale chofewa chimakwera mpaka pawindo.
Ndimafika kusanache,
ndimatsuka mpunga wa ana makumi awiri ndi atatu
m'madzi oluma zala ngati ali ndi mano.

Pakhoma la chipinda chodyera
ndinamata mbale yapepala yogawa patatu.
Kofiira kuli zomanga thupi: nsomba, dzira, tofu.
Kwachikasu kuli zopatsa mphamvu zothamangira.
Kobiriwira kuli alonda oingitsa chimfine.
Ana amavala maepuloni oyera, zisoti zikugwera m'maso,
amagawirana msuzi okha, chipande chikunjenjemera,
theka m'mbale, theka pathebulo.

Lolemba ndinawapatsa zithunzi kuti amate.
Kotone anaika apozi pambali pa nsomba.
Ndinati ayi, mwana'nga, apozi amakhala kobiriwira,
pamodzi ndi kabichi ndi karoti.
Anayang'ana apozi, anayang'ana ine.
Bambo ake amalima maapozi kuphiri,
iye amawadziwa kuyambira ali duwa.
"Mayi Kasai," anatero, "kodi maso anu ali bwino?"
Ndinayamba kufotokoza za ntchito ya chakudya m'thupi,
mawu anandithera pakati.
Apozi anagona kofiira sabata yonse.

Ndiye pali Genta.
Genta sakangana ndi munthu, amati zikomo,
mbale yake imabwera yoyera ngati yanyambitidwa ndi mphaka.
Ndinamutama mwezi wathunthu
mpaka tsiku lochapa maepuloni:
m'thumba mwake munali tsabola wobiriwira, wosawawa uja,
tizidutswa touma, tina tankhungu,
nkhokwe ya mwezi wonse.

Sindinamukalipire.
Chipale chitasungunuka ndinamupatsa mbande m'chitini,
ndinati thirira, ndi yako.
Anathirira m'mawa, masana, ngakhale kukugwa mvula.
Anaitcha dzina, Bwana Ndevu, kaya chifukwa chiyani.
Itabala, ndinanola mpeni, mtima uli m'malere,
ndikuti mwana amadya chomwe walima.
Genta anaima kutsogolo kwa chitini, manja tambasu:
"Mnzanga sadyedwa."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili m'khitchini muno,
mabuku a zakudya sanandiuzepo zimenezi.

Koma anadya karoti wa Kotone,
poti karotiyo analibe dzina.
Anatafuna nkhope itakwinyika, nameza,
nayang'ana mkono wake ngati wakula kale.

Lachisanu lina, tikupukuta mathebulo,
Kotone anandikoka epuloni.
"Nanga inu dzulo usiku munadya chiyani?"
Ndikanatha kunama.
Koma ndinakumbukira khitchini yanga,
mpando wa malemu mwamuna wanga uli pomwe anausiya,
ine chiimirire pasinki,
ndikudya manudozi a m'kapu, othira madzi otentha,
wailesi ikunena za mphepo ya panyanja.

Ndinamuuza zoona.
Anawerenga pa zala: chikasu.
Anadikira. Chala chachiwiri sichinadzuke.
"Chikasu chokhachokha?"
Anapukusa mutu monga ndimachitira ine,
ndinadziona ndekha pa nkhope ya zaka zisanu.

Lolemba m'mawa ndinapeza apozi pa shelefu ya nsapato zanga,
wofiira psuu, wolumidwa pang'ono mbali imodzi,
pansi pake kapepala ka zilembo zopendama:
chobiriwira chanu.

Madzulo amenewo ndinawotcha nsomba,
ndinaphika mpunga wa munthu mmodzi,
ndinadula apozi uja, malo olumidwa ndi omwe.
Ndinakoka mpando, ndinakhala pansi.
Panja mphepo inkamenya mabwato padoko.

Bwana Ndevu akadali pawindo la kalasi.
Tsabola wake wakalamba pamtengo osathyoledwa,
ndipo dzulo Genta anabwera akuthamanga, wefuwefu,
kudzandiuza kuti wasanduka wofiira,
ndiye tsopano timuika mbali iti?