Kwa Alamu Anga Amene Agula Kalavani

Alamu a Khoromana,
ndamva kuti penshoni ya ku esiteti
mwagulira nyumba ya matayala awiri,
kalavani yoyera ija inkagona kuseri kwa fakitale ya tiyi
zaka zisanu ndi ziwiri, abuluzi akuotherapo dzuwa.
Sindikuseka ayi.
Ine ndinakokapo zoterezi tikukonza msewu wa ku Muloza,
ndiye khalani apa mundimvere.

Yambani ndi mphuno.
Tsegulani chitseko m'mamawa, mununkhize.
Mukamva fungo la chiguduli chonyowa
dziwani kuti chiperoni chinalowamo kale.
Dinani ndi chala pansi pa zenera ndi m'makona a denga;
pakafewa ngati papaya wakupsa,
itanani kalipentala musanaitane alendo.

Matayalawo musawakhulupirire.
Mano ali onse, inde,
koma m'mbalimo muli ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe.
Tayala limakalamba lili chiimire.
Gulani ena, ndi lapadera lomwe.

Chokolera chikhale pa mpira wake mpaka chilire kuti khwa!
Mukatero tukulani ndi manja, muone ngati chikukana.
Tcheni mukolenso.
Ine ndinaiwala kamodzi, pa Nkando.
Ndinangoona pagalasi nyumba ikupatuka yokha
kukalowa m'munda wa nandolo wa mayi wina
amene mpaka lero sandiyankha moni.

Zolemera, thumba la mpunga, batire, zigubu za madzi,
ikani pansi, pakati, pamene pali matayala.
Mukaunjika kumbuyo idzayamba kugwedeza mchira.
Ikayamba, musaponde buleki ndi mantha.
Chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono,
chiwongolero chikhale chilili,
idzaleza mtima yokha.
Ndipo achemwali angawo asakwere m'menemo mukuyenda,
ngakhale atati akufuna kusenda mbatata.

Potsika zitunda za ku Thyolo, giya yachiwiri.
Mabuleki akatentha amayamba anunkha,
kenako amangosiya ntchito osatsanzika.
Pokhota pa Chitakale tengani malo ambiri.
Msana wanu watalika tsopano,
ndipo anyamata a njinga za zinanazi sakudziwa zimenezo.

Kubwerera m'mbuyo ndiye mayeso.
Mukati kumanja, iyo kumanzere,
mbuzi ya pachingwe yeniyeni.
Pitani pa bwalo la sukulu Loweruka masana,
muike zidebe ziwiri, muphunzire kulowa pakati.
Ana adzaseka. Asiyeni,
kuseka sikuswa nyale.

Mukafika ku Likhubula
musaime pansi pa bulugamu, nthambi zake sizichenjeza.
Mtsinje muutalikire:
mvula ikagwa m'phirimo
madzi amabwera usiku osagogoda.
Pezani posalala.
Miyala kumatayala musanamasule galimoto.
Miyendo inayi ija ndi yochirikiza chabe, si jeke,
ndipo uliwonse muuzungulize phulusa,
apo ayi linthumbu lidzakupezani m'bulangeti.

Gasi muzitseka pa botolo penipeni musanagone.
Mbaula ya makala isalowe, Juni azizire chotani;
mpweya wake sununkha,
umangogoneka munthu osadzukanso.
Kazenera kamodzi kakhale kotsegula.

Nyale za kumbuyo muziyese tsiku lililonse la ulendo,
wina aime kumeneko azikuwa kuti yayaka.
Mapepala akhale m'kapulasitiki pafupi ndi dzanja;
apolisi a pamsewu adzafuna kusuzumira m'kati,
ena pa ntchito, ena chidwi chabe.

Ulendo woyamba usakhale wa kutali.
Gonanimo usiku umodzi pabwalo panu pomwepo,
pafupi ndi khola la nkhunda,
mulembe zonse zimene mudzathamangire kunyumba:
machesi, tochi, mchere,
mapilisi a shuga aja mumaiwala.

Mukatha zimenezo mundiuze tsiku.
Ndidzabwera ndi jeke yanga,
chifukwa yanuyo ndaiona.